Kodi ndikonzetse Peugeot 504 kapena ndigule Toyota Corolla Axio?

Wa ku Ntchisi: Akuluakulu, malume anga andipatsa Peugeot 504 imene yakhala zaka zambiri osayenda, ndipo ndalama zimene ndingawononge poikonzetsa ndikhoza kuziphatikiza ndi zina n'kugula Corolla Axio yogwiritsidwa kale ntchito yochokera ku Japan. Ndimayenda kwambiri m'misewu yafumbi komanso ndimanyamula banja. Mungandilangize bwanji?

Makaniko wa ku Ndirande: Achimwene, 504 si galimoto wamba. Inatuluka ku France mu 1968, inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya mu 1969, ndipo mu 1975 inapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, Ove Andersson ali pachiwongolero. Ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka za m'ma 2000, pamene ku Ulaya anali ataisiya kalekale, chifukwa imayendera matayala akumbuyo, ndi yokwera bwino kuchokera pansi, ndipo masipuling'i ake amameza mabampu mosadandaula. Injini yake ilibe kompyuta. Ikazima panjira, munthu wodziwa kabuleta ndi mapulagi amailiza ndi sipanala basi. Axio ndi yotsika, moti pamsewu wokumbika ndi mvula mudzakhula pansi, ndipo ikayatsa nyali yochenjeza pamafunika makina oyezera omwe kumudzi sapezeka. Komabe musanaike khobidi lililonse, kayang'aneni dzimbiri pansi pa galimotoyo, chifukwa injini imakonzeka koma thupi lodyeka limamaliza ndalama.

Mayi wa ku Area 25: Ine ndikusiyana nawo bambo makaniko pa mfundo imodzi imene sanaitchule, yomwe ndi chitetezo cha ana amene mukuti mudzawanyamula. 504 ilibe ma airbag, matumba a mpweya amene amafufuma pangozi kuti atchinjirize anthu, ndiponso ilibe mabuleki a ABS, amene amaletsa matayala kumangika munthu akaponda buleki mwadzidzidzi pamsewu wonyowa. Anthu ambiri amatamanda chitsulo cholimba cha magalimoto akale, koma galimoto yamakono inapangidwa dala kuti kutsogolo kwake kupindike pangozi, n'cholinga choti mphamvu ya kugundako ithere m'chitsulo isanafike pa anthu okhala mkati. Pamsewu wa M1, kumene mabasi ndi malole amadutsana mothamanga, nkhani imeneyi ine sindingaichepetse.

Wa ku Mzuzu: Ndionjezere za mafuta. Injini zambiri za nthawi imeneyo anazipangira petulo wokhala ndi mtovu, amene mayiko a kuno anasiya kugulitsa pofika 2006, choncho funsani makaniko ngati mavavu ake angapirire petulo wopanda mtovu. Chinanso n'chakuti petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amaononga mapaipi a labala akale ndi tizipangizo tina ta m'kabuleta, moti zonsezo muyenera kusintha. Axio ya injini ya malita 1.5 imamwa mafuta ochepa kwambiri poyerekeza ndi 504, ndipo masipeya ake mumawapeza mosavuta ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhale kuno ku Mzuzu, pamene a Peugeot yakale mungafunike kuitanitsa kunja kapena kusakasaka kwa ophwasula magalimoto. Ine ndikanakhala inu ndikanagula Axio yoyendera tsiku ndi tsiku, n'kusunga 504 pamthunzi kuti ndiziikonza pang'onopang'ono ndalama zikamapezeka. Mukagula Axio ya giya ya CVT, womwe ndi mtundu wina wa giya yosintha yokha, musalole kuti wina athiremo oyilo wa giya wamba.