Ndikufuna kuphunzira za ubongo ndi khalidwe, ndiyambire pati?

Membala wosatchula dzina: Moni nonse a pagulu, mchemwali wanu wa kuno ku Lilongwe. Ndili ndi digiri yoyamba ya Psychology ndipo ndikufuna Masters kapena PhD ya behavioural neuroscience, maphunziro a momwe ubongo umayendetsera khalidwe. Mtima wanga uli pa ana amene anadwalapo malungo a muubongo, momwe amakumbukirira zinthu ndi kuphunzira akachira. Mu labu sindinagwiremo ntchito, ndalama zolipira ndekha ndilibe. Ndiyambe kulembera sukulu kapena kusaka mphunzitsi? Nanga digiri ya kuno amailandira kunja?

Mphunzitsi wa ku Area 47: Achemwali, yambani ndi mphunzitsi. Pa maphunziro a kafukufuku ku South Africa, UK ndi mayiko ambiri a ku Ulaya, supavaiza, mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu, ndiye ali ndi labu, zipangizo, kawirikawiri ndi ndalama zomwe. Iye akapanda kuvomera, fomu yanu imangokhala. Ku America n'kosiyana pang'ono, kumeneko komiti ndiyo imasankha, ndipo chaka choyamba mumazungulira malabu angapo musanakhazikike.

Lowani pa PubMed ndi Google Scholar, masamba a pa intaneti osakira mapepala a kafukufuku, sakani zomwe zalembedwa zaka zitatu zapitazi pa nkhani yanuyo. Dzina lomwe lili kumapeto kwa olemba nthawi zambiri ndi la mwini labu. Sankhani malabu 8 kapena 10, aliyense muwerenge mapepala ake awiri mpaka kumapeto, maka gawo la njira zomwe anatsata. Kenako imelo yaifupi: ndinu ndani, mwawerenga chiyani cha iwo ndipo chakudzutsirani funso lanji, nanga akulandira ophunzira chaka chamawa? Phatikizani CV ya masamba awiri ndi transcript. Ambiri amagwa pano chifukwa amatumiza imelo imodzimodzi kwa anthu onse, kungosintha dzina. Mwini labu amazindikira pa mzere woyamba ndipo sayankha. Akakhala chete, kumbutsani kamodzi pakatha milungu iwiri, basi.

Wa zakafukufuku: Ndiwonjezerepo chinthu chomwe chingakupulumutseni chaka chonse. Malabu ambiri otchedwa behavioural neuroscience amagwiritsa ntchito makoswe ndi mbewa zoweta. Mwachitsanzo pa Morris water maze, khoswe amamuika mu beseni lalikulu la madzi osaoneka pansi, n'kumawerenga masekondi amene akutenga kuti apeze kathabwa kobisika, tsiku ndi tsiku, kuti aone ngati akukumbukira malo. Inu mukunena za ana, choncho sakaninso pansi pa cognitive neuroscience ndi developmental neuropsychology. Mukalembera labu ya makoswe nkhani ya ana, akukanani ngakhale magiredi anu ali abwino.

Mutu wanuwo ndi wamphamvu, musauchepetse. Blantyre Malaria Project ku Queens yakhala ikufufuza malungo a muubongo kuyambira m'ma 1980, ndipo Blantyre Coma Score yomwe amayezera mwana wokomoka inachokera komweko. Palinso Malawi Developmental Assessment Tool, yoyezera kakulidwe ka ana, yopangidwa ndi ana a kuno. Munthu wodziwa Chichewa amene wayezapo ana ndi chida ngati chimenechi ali ndi luso lomwe ofunsira ambiri akunja alibe.

Ndiye pezani kaye ntchito yothandiza pa kafukufuku, ngakhale yotolera deta, kwa chaka chimodzi. Kuno kuli UNC Project, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo, ku Kamuzu Central, ku Blantyre kuli KUHeS ndi Malawi-Liverpool-Wellcome. Muli pomwepo phunzirani R, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira deta, ndi yaulere. Muzitha kuyeretsa deta, kupanga regression (njira yoonera mgwirizano wa zinthu mu deta) ndi kufotokoza tanthauzo lake ndi pakamwa panu, poti pa intavyu amafunsa zimenezo. Satifiketi ya malamulo oteteza anthu pa kafukufuku mutha kuipeza mwaulere pa TRREE, tsamba la pa intaneti lophunzitsa malamulowa. Yang'aniraninso maphunziro aafupi a IBRO ndi TReND in Africa, mabungwe olimbikitsa sayansi ya ubongo, amatenga achinyamata a mu Africa muno ndipo n'komwe ambiri amakumana ndi masupavaiza.

Achimwene a ku Kawale: Za mapepala. Digiri ya kuno amailandira, koma ku South Africa iyenera kudutsa ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro kumeneko, kuti aione mlingo wake, ndipo ena amauzidwa kuyamba ndi Honours, chaka chowonjezera musanayambe Masters. Zimatenga nthawi, yambani msanga. Transcript ndi pasipoti chimodzimodzi, musadikire mwezi womaliza. Pa mayeso a Chingerezi a IELTS ambiri amafuna 6.5 kupita m'mwamba ndipo imagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho musathamangire kulemba. Funsani kaye, masukulu ena amalandira kalata yoti munaphunzira m'Chingerezi.

Ndalama: onani opereka ma scholarship monga Commonwealth, Beit Trust (iyi ndi ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe), DAAD ya ku Germany ndi Mastercard Foundation. Chevening ya ku UK ndi ya Masters ya m'kalasi ya chaka chimodzi ndipo imafuna zaka ziwiri za ntchito. PhD za ku America zambiri zimatseka kulandira mafomu chakumayambiriro kwa Disembala, zimakulipirirani fizi ndi kukupatsani ndalama yapamwezi, koma popanda kafukufuku amene munachitapo n'zovuta kulowa. Kwa inu Masters ya kafukufuku ndiyo njira yabwino.

Membala wosatchula dzina: Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga makalata ondichitira umboni, abusa athu kapena abwana anga akuntchito angalembe?

Mphunzitsi wa ku Area 47: Abusa ayi, achemwali. Ambiri amafuna makalata awiri kapena atatu ochokera kwa anthu amene anaona ntchito yanu ya maphunziro. Woyamba akhale amene anakuyang'anirani pa dissertation, wachiwiri amene anakuphunzitsani statistics kapena biological psychology. Abwana angalembe ngati ntchitoyo ikukhudza kafukufuku. Apempheni kukadali milungu isanu ndi umodzi, muwapatse CV, kalata yanu yofotokoza cholinga ndi tsiku lotsekera. Muwapemphe atchule zenizeni, monga ana angati munawayeza ndi momwe munasanthulira zotsatira, chifukwa kalata yongoti ndinu wakhama ndi waulemu komiti siyiwerengera. Agwiritse ntchito imelo ya ku yunivesite, ndipo muwakumbutse kuona mu spam, poti linki yotumizira kalata imakonda kugwera kumeneko.