Kodi mawu achijapani akuti "ma" amatanthauza chiyani kwenikweni?

Wofunsa

Akuluakulu, ndabwera ndi funso lomwe landisowetsa tulo sabata yonseyi. Ndikuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta m'njira ija amati object-oriented, yogawa pulogalamu m'tizigawo totchedwa ma object, ndipo poyeserera ndinayamba kulemba m'chinenero cha Python kapulogalamu ka banki m'khonde ya gulu la mayi anga. Ndinapanga class, yomwe ili ngati chikombole choumbira ma object, ya Membala ndi ina ya Thumba. Zonse zimayenda bwino mpaka nditafika pa ngongole. Ndikaiika mkati mwa Membala, Thumba limayenera kusuzumira m'mimba mwa membala aliyense kuti lidziwe ndalama zomwe zili kunja. Ndikaiika mu Thumba, Membala sadziwa kuti abweza zingati. Tsiku lomwe amayi anandiuza kuti gulu lasintha chiwongoladzanja, ndinakonza mzere umodzi, malo ena anayi n'kusokonekera.

Pofufuza ndinapeza kalata yomwe Alan Kay analembera anzake ogwiritsa ntchito chinenero cholembera mapulogalamu cha Squeak mu 1998. Bamboyu ndi amene anayambitsa dzina loti object-oriented, koma m'kalatamo akudandaula kuti dzinalo limachititsa anthu kuyang'ana pa chinthu chaching'ono n'kusiya chachikulu, chomwe ndi kutumizirana uthenga. Kenako akutchula kamawu kachijapani, "ma", kuti ndi chomwe chili pakati pa zinthu.

Ndiye "ma" n'chiyani? Kodi ndi yemweyo "mu" wa anthu a Zen, nthambi ya chipembedzo cha Buddha? Ndipo funso lawo lija, loti dzanja limodzi likaomba limamveka bwanji, si lomwelo ndi mwambi wathu woti chala chimodzi sichiswa nsabwe?

Woyankha woyamba

Achimwene, mwasakaniza mawu awiri osiyana. "Mu" ndi kukana, kapena kuti palibe. Amachokera pa nkhani ya mphunzitsi wa ku China, Zhaozhou, yemwe Ajapani amamutcha Joshu. Wophunzira anamufunsa ngati galu ali ndi chikhalidwe cha Buddha, iye n'kuyankha kuti "mu". Nkhaniyi ndi yoyamba mwa nkhani 48 za m'buku la Mumonkan, lomwe Wumen Huikai anasonkhanitsa mu 1228. Chovuta chake n'chakuti chiphunzitso chawo chimati zamoyo zonse zili nacho chikhalidwecho, ndiye wophunzira amatsala ali pakati pa chiphunzitso ndi yankho la mphunzitsi wake.

"Ma" ndi nkhani ina. Si mawu a Zen okha ayi, Mjapani wamba amawagwiritsa ntchito. Amalembedwa chonchi, 間, ndipo mukayang'anitsitsa muona chipata cha zitseko ziwiri, dzuwa lili pakati. Kalekale pakatipo ankalembapo mwezi. Ganizani chitseko chosatsekeka bwino usiku, kuwala kukulowera pampatapo. Oimba amati "ma" potchula kanthawi kachete pakati pa mawu awiri, omanga nyumba potchula malo a pakati pa nsanamira. Chilembo chomwechi chili mu jikan, kutanthauza nthawi, komanso mu ningen, kutanthauza munthu. Ine chimene chinandigwira mtima n'chimenechi: polemba munthu amaphatikiza chilembo cha munthu ndi cha pakati.

Mphunzitsi wa Chichewa wopuma pantchito

Mwanawe, za makompyuta ndisiyira ena, koma pa mwambiwo ndikukana. Chala chimodzi sichiswa nsabwe uli ndi phunziro lodziwika, mwana wa Sitandade 5 akhoza kulifotokoza: ntchito imafuna kuthandizana. Mwambi umanenedwa kuti nkhani ithe. Pabwalo la milandu mkulu akauponya, anthu amagwedeza mitu, mkangano n'kuzizira.

Funso la dzanja limodzi, monga ndinawerengera, analikhazikitsa Hakuin ku Japan m'zaka za m'ma 1700, ndipo sanalipereke kuti anthu aphunzire mgwirizano. Analipereka kuti wophunzira akhale nalo miyezi kapena zaka mpaka nzeru zake zozolowera zitope. Mukamuyankha kuti tanthauzo lake n'kuthandizana, mphunzitsi wa Zen akubwezani. Tikati tilifanizire ndi zathu, liyandikirako ku chilape, koma ngakhale chilape chili ndi yankho lomwe woponyayo walisunga, ndipo mukalephera amakuuzani.

Ngati mukufuna mwambi wathu woyandikira "ma", tengani uwu: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Taumvetsetsani. Sukunena kuti awiri amagwira ntchito yambiri. Ukunena kuti yekhayo sanafike pokhala munthu. Umunthu suli mwa uyu kapena mwa uyo, umabadwa akakumana. Zikufanana ndithu ndi za ningen zomwe anzathu anena pamwambapa.

Pa mawu amodzi omasulira, ndakhala ndikusinkhasinkha. Mpata ukuyandikira, popeza timati mpata wa mano, timatinso ndipatseni mpata. Danga nalonso limagwira malo ndi nthawi yomwe. Koma onse awiri amamveka ngati malo opanda kanthu odikira kudzazidwa. Pamene mafuwa atatu aikidwa, malo apakatiwo sakudikira kanthu, ndi pamene pali moto. Mukawagundanitsa mafuwawo, nsima siipsa.

Wolemba mapulogalamu

Zikomo aphunzitsi, mwafotokoza bwino kuposa momwe ife a ntchitoyi timachitira. Ndiwonjezere za Kay. Ma class ndi ma object anayamba ndi chinenero cha Simula, chomwe Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anapanga ku Norway m'zaka za m'ma 1960. Kay ndi anzake anapanga chinenero cha Smalltalk kumalo ofufuzira a Xerox PARC m'ma 1970, ndipo iye, yemwe anaphunzirako sayansi ya zamoyo, ankaona object ngati selo ya m'thupi: ili ndi khungu lake, za mkati mwake sizikhudzidwa ndi wakunja, zimangotumizirana zizindikiro.

Mu Smalltalk ukalemba 3 + 4, sikuti pali wina wakunja amene akuwonkhetsa. Nambala 3 ndi object, yalandira uthenga woti + pamodzi ndi 4, ndipo ikuyankha yokha. N'chifukwa chake 3 + 4 * 2 imatulutsa 14, osati 11 monga tinaphunzirira kusukulu, poti uthenga umangotsatana kuchokera kumanzere. Object ikalandira uthenga womwe siudziwa, nayonso imatumiziridwa uthenga wina wotchedwa doesNotUnderstand, ndipo ukhoza kuilembera chochita zikatero.

Ngati mukufuna chododometsa chenicheni, achimwene, chili mu Python yanu yomweyo. Lembani type(type), komwe n'kufunsa kuti type ndi ya mtundu wanji, iyankha kuti type. Funsani ngati object ndi instance ya type, kutanthauza ya mtundu wa type, ivomera. Funsaninso ngati type ndi subclass ya object, kutanthauza mwana wa object, ivomeranso. Uyu anabadwa mwa uyo, uyo ndi wa mtundu wa uyu. Ine ndinataya masiku ndikufuna kudziwa amene anayamba. Palibe. Onse awiri amaikidwa kale m'chinenero cha C, n'kulumikizidwa pulogalamu yanu isanayambe. Funso loti woyamba ndani ndi lomwe lili lolakwika, ndipo olemba mapulogalamu akale ankayankha mafunso otere kuti "mu".

Komabe ndikuchenjezeni. Sindikhulupirira kuti Zen ingakuphunzitseni kulemba code yabwino, ndipo zimandipweteka anthu akamatenga chipembedzo cha eni ake, chomwe ena amachitsata moyo wonse, n'kumakometsera nacho nkhani za ntchito. Vuto lanu lili ndi yankho lapafupi. Ngongole si katundu wa Membala, si katundu wa Thumba. Ndi pangano la awiriwo. Ipatseni class yakeyake, isunge ndalama zobwerekedwa, tsiku, ndi chiwongoladzanja chomwe anagwirizana tsikulo. Membala asawerenge za mkati mwake, angoifunsa kuti ndatsala ndi zingati.

Wofunsa

Zikomo nonse. Ndayesa usiku wathawu, ndapanga class ya Ngongole, ndipo malo anayi aja atsala amodzi. Chinanso chomwe sindinachiganizire: ngongole zakale zasunga chiwongoladzanja chakale, zatsopano zatenga chatsopano, monga momwe gulu linagwirizanira.

M'mawa uno ndinatsegula kope la amayi lomwe amalembamo pa msonkhano. Muli tsamba la mayina, muli tsamba la ndalama za m'thumba, ndipo ngongole ili ndi masamba akeake kumapeto, mzere uliwonse uli ndi chidindo cha chala cha wobwereka ndi siginecha ya msungichuma. Ankachita kale zimenezi ine ndisanagule laputopu.

Aphunzitsi, pa mafuwa paja ndikadali ndi funso. Malo apakati pa mafuwa, pomwe pamayaka moto, kwanu mumawatchula ndi dzina lakelake? Amayi akuti iwo amangoti pamoto, koma akuti Loweruka ndikafunse agogo kumudzi.