Inshuwalansi pa galimoto ya dzina la amalume

Mnyamata wa Kamuzu Road:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndinagula Sienta kwa amalume anga omwe ali ku Joni, ndalama ndinamaliza kupereka koma blue book idakali m'dzina lawo. Inshuwalansi yatha mwezi wathawu, ndiye ndingadule m'dzina langa kapena mpaka tisinthe kaye umwini? Ndimanyamula anthu Salima kupita ku Senga Bay, apolisi apamsewu pano sagona.

Achimwene a ku Dwangwa:
Inshuwalansi ya third party (yolipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu) mutha kudula m'dzina la amalumewo bola avomere, pa roadblock amaona ngati pepala likugwirizana ndi nambala ya galimoto. Koma samalani, mwati mumanyamula anthu olipira, mukadula ya private ndiye tsiku la ngozi kampani idzakukanirani poyera.

Mayi wa Nsomba:
Ine zinandionekera achimwene. Galimoto inali m'dzina la mlamu wanga, inshuwalansi ya comprehensive (yolipiranso galimoto yako ikaonongeka) ndimalipira ine chaka ndi chaka, nditawomba mbuzi pa M5 kufupi ndi Benga bampala ndi magetsi zonse phwaa, a inshuwalansi anati ndalama ikupita kwa mwini wa pa blue book osati ine. Kuti mlamuyo asayine mapepala, eee ndinachita kumugwadira.

Achimwene a ku Dwangwa:
Ndiye vuto lake limenelo. Pitani ku Road Traffic ku Lilongwe mukasinthe umwini, mutenge kalata yogulitsirana ndi ID, muonenso COF (chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ngati siinathe.

Mnyamata wa Kamuzu Road:
Zikomo nonse. Amalume akubwera pa Khrisimasi, ndiwakoka mkono mpaka ku Lilongwe asanayambe kuzungulira abale.