Tinasonkha ndalama za mjigo ndi chimbudzi cha pa doko kumudzi, pano akuti ndadya ine

Membala wobisa dzina:
Muli bwanji nonse pa gulu, a admin mundibise dzina chonde anthu akwathu ambiri ali momuno. Ine ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, Zimbabwe, ndimagwira ntchito ya m'nyumba, kwathu ndi kunyanja ku Malawi. Chaka chatha tinagwirizana anthu a mudzi umodzi amene tili kuno kuti tisonkhe ndalama tikonzetse mjigo womwe unafa kalekale komanso timange chimbudzi pa doko, poti asodzi ndi amayi ogula usipa amangodzithandiza pamchenga ndi m'madzi momwemo ana akutunga akumwa. Ndinayambitsa ndine chifukwa mwana wa achemwali anga anangotsala pang'ono kutisiya ndi kolera ija ya 2022, ndiye anthu anati msungichuma mukhale inuyo. Ena anapereka madola 10 ena 20, ndinatumiza zonse pa Mukuru osachotsapo ngakhale ya kombi. Mpaka lero mjigo uli chomwecho, chimbudzi anangokumba dzenje basi nalonso linagumuka. Pano alamu anga akuyenda nayo nkhani mpaka kutchalitchi ati ndagulira firiji, chonsecho firijiyo anandipatsa ndi abwana atagula ina ndipo chitseko chake timachita kutsamiritsa njerwa. Alamu omwewa sanasonkheko ngakhale dola imodzi, pa maliro a apongozi anabwera chimanjamanja nkunyamula ndiwo zotsala. Landilodi nayenso wakweza renti mwezi uno madzi osatuluka, foni yomwe munali mauthenga onse inagwera mu ndowa, amuna anga akungoti ndinakuuza. Tulo sindikupeza. Ndipite kwa ndani, amfumu, khansala, a MP kapena kupolisi? Osanditukwana chonde BP yakwera kale.

Mphunzitsi Wopuma (Mabvuku):
Pepani mayi. Koma ndalamazo munatumiza kwa ndani? Komiti kapena munthu? Ndipo kunyanja kwake kuti, Salima, Nkhotakota, Mangochi? Tiyambire pamenepo.

Madala a pa Highfield:
VUTO LANU AMALAWI NDI LIMENELI. Mukusonkheranji ndalama za mjigo pomwe kuli CDF, thumba la boma la chitukuko cha dera la MP? Ndalama ija inakwera kufika K200 million pa dera lililonse mu 2024, ntchito yake nchiyani? Inu mukukolopa m'nyumba za eni kuno nkumatenga timadola tanu kukagwira ntchito ya boma. Ine ndinabwera kuno Ian Smith akulamula dziko lino, ndaona zambiri. Anthu a ndale mukawathandiza chonchi amadzabwera pa kampeni nkuimirira pa mjigo wanu womwewo kujambulitsa.

Nabanda wa ku Epworth:
Iiii asisi mwandikumbutsa zanga. Ine ndinatumiza ndalama zaka zingapo kuti andimangire nyumba ya zipinda zitatu, amanditumizira zithunzi pa WhatsApp khoma lafika pa windo, kenako malata. Tsiku lomwe ndinatsika basi ndinapeza maziko okha mwamera chisoso. Nyumba ya pa zithunzi ija inali ya aneba. Mpaka lero sitiyankhulana ndi mchimwene wanga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno asisi, ya kumudzi muiwale.

Kamwana ka Usipa:
Firiji yotsekera njerwa 😂😂 mayi mugulitse mubweze ndalama za anthu nkhani ithe.

Mayi a Chisomo:
Iwe mwana ulibe mwambo, munthu akulira iwe ukuseka. Koma nanunso mayi nkhani ya alamu anu ikulowa bwanji pano? Za m'banja sitiyanika pa gulu la anthu masauzande. Pitani kwa abusa akukhazikeni pansi awirinu.

Madala a pa Highfield:
Abusa akonza mjigo? Ndikunena pano kuti nkhani ndi khansala. Dziko lija linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, zaka zonsezo anthu anazolowera kuti chitukuko chimabwera ndi MP ngati mphatso, apa makhansala alipo koma funsani pano ndani akudziwa dzina la khansala wa kwawo. PALIBE. Mukudziwa mayina a osewera mpira ku England basi.

Che Mjomba wa ku Mangochi:
Madala mukukuwa koma nyanja simuidziwa inu, kwanu ndi ku Dedza kumapiri. Za pa doko sizikhala kwa khansala, pa doko pali BVC, Beach Village Committee, ndi amene amaona za pamenepo pamodzi ndi amfumu. Koma ma BVC ambiri anagona, anthu akukokera usipa ndi neti ya udzudzu akungoyang'ana, mpaka tiana ta chambo tili pa thandala. Nyengo yotseka nyanja ikafika mu November anthu amapha usiku. Pitani mukaone ku Mbenji ku Salima, kuja a Makanjira akatseka chilumba nthawi ya mvula palibe amaponya ukonde mpaka adzatsegule okha, mowa sulowa pachilumba paja, ndipo nsomba ziliko. Mfumu ikakhala yolimba zonse zimayenda, chimbudzi chomwe.

Madala a pa Highfield:
Kwathu ku Dedza inde koma msonkho wanga unamanga nawo misewu ya kunyanja kwanuko. Mafumu anuwo si omwe akugulitsa magombe kwa a malodge? Anthu akusowa pokocheza bwato pamudzi pa makolo awo, mpanda mpaka m'madzi.

Che Mjomba wa ku Mangochi:
Apo pokha mwanena zoona madala. Koma nyanja inawabwezera mu 2024, madzi anakwera mpaka kulowa m'malodge momwemo.

Mphunzitsi Wopuma (Mabvuku):
Tabwererani kwa mayiwa abale. Ine ndinakhalako mlembi wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndisanabwere kuno kwa ana. Mjigo uliwonse umayenera kukhala ndi komiti yake ya pamjigo, ndipo mabanja otunga amasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kogulira zipangizo. Mijigo yambiri kumudzi ndi ya Afridev, kawirikawiri chimafa ndi timalabala ta mkati kapena ndodo zija zaduka, zinthu zosafuna ndalama zambiri, ndipo m'dera mumakhala mmisiri wophunzitsidwa amene amazula nkuona. Ngati mapaipi anagwera pansi kapena mjigo unauma imeneyo ndi nkhani ina, imapita ku ofesi ya zamadzi ya pa boma. Ndiye choyamba mudziwe chinafa nchiyani. Chachiwiri ndondomeko yake imayambira ku VDC kwa agulupu, kupita ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, kwa a T/A, kenako ku khonsolo, khansala amakhala nawo m'menemo. Kulumpha onsewa nkuthamangira kwa MP mungotaya mayunitsi. Koma ndikubwerezanso, munatumiza kwa ndani?

Membala wobisa dzina:
Zikomo aphunzitsi. Mjigowo unafa nthawi yomwe kunagwa maliro a agogo, chogwirira chimangolendewera. Anthu ake ndi odalirika ndithu sindimayembekezera. A Chisomo za alamu ndanena chifukwa ndi amene akuipitsa dzina langa, dzulo pa Mbare Musika mayi wina wakwathu wandiona nkutembenukira ku matimati.

Kamwana ka Usipa:
Aphunzitsi afunsa kawiri yankho lake ndi maliro a agogo, mayi mukanakhala loya inu 😂

Bambo a Tinashe (Glen View):
Ine chimandidabwitsa nchakuti tikulimbana ndi mjigo wa kumudzi pomwe kuno komwe tikumwa zoipa. Mwaiwala 2018 kolera inayambira konkuno ku Glen View ndi Budiriro, madzi a m'mijigo atasakanikirana ndi suweji? 2008 ndiye osanena, ine ndinaika mkazi wa mkulu wanga chaka chimenecho. Misonkhano ya anthu okhala m'dera ikaitanidwa Amalawi sitipita, timati ndife alendo, chonsecho ana athu anabadwira konkuno ndipo malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anawapatsa unzika. Zinyalala pa kona pathu zafika m'chiuno. Tiyambe takonza pomwe tikugona.

Madala a pa Highfield:
Iwe Tinashe usatiphunzitse za misonkhano, ine ndakhala ndikupita kuyambira usanabadwe, amakulembani mayina nkukupatsani Mazoe basi. NKHANI NDI CDF. Mayi lembani kalata ku khonsolo mufunse kuti ndalama za dera lanu zinagwira chiyani, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, akuyenera kukuyankhani. Koma Amalawi mantha, mungolira pa Facebook.

Bambo a Tinashe (Glen View):
Madala dzina langa si Tinashe, ameneyo ndi mwana wanga. Ndipo ndalama zomwe zasowa apa si za CDF, ndi za anthu a ku Mufakose.

Nesi wa Usiku:
Pa za dzenje logumuka mwina sanabe nkomwe. Kunyanja ndi mchenga, ukakumba osamangira njerwa kuchokera pansi limagwa ndithu, ndipo madzi amakhala pafupi, mvula ikabwera dzenje limadzadza. Chimbudzi cha pa doko chimafuna malo okwera, simenti yambiri ndi silabu, komanso chitalikirane ndi potunga madzi mamita osachepera 30. Alangizi a zaumoyo a m'deralo amathandiza kusankha malo, safuna malipiro. Komanso ngati ndalama zinasinthidwa nkukhala m'makwacha nthawi yaitali mukumbuke kuti kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 ndipo mitengo ya simenti sinaimenso kuchokera pamenepo. Mwina zinangochepa iwo nkuchita manyazi kunena.

Nabanda wa ku Epworth:
Manyazi ati anesi, anadya basi. Wanga uja ankatinso simenti yakwera, kumeneko akukwatira mkazi wachiwiri.

Mayi a Chisomo:
Nabanda si onse ali ngati mchimwene wanu, musamaweruze.

Nabanda wa ku Epworth:
Tumizani zanu muone.

Mlonda wa ku Msasa:
Mayi risiti musadandaule nayo, foni ikafa mbiri ya zomwe munatumiza imakhalabe, pitani ndi chiphaso chanu komwe munatumizira mukapemphe. Mukaipeza itanani onse anasonkha muwaonetse tsiku, ndalama ndi dzina la wolandira. Dzina lanu liyera tsiku lomwelo. Kupolisi musathamangireko, polisi ya kuno singagwire munthu ali ku Malawi.

Membala wobisa dzina:
Kuwaonetsa dzina ndiye kovutako achimwene. Ndi munthu wamkulu, anandilipirira sukulu mayi atamwalira, sindingamuimike pagulu. Ndimafuna njira yoti amfumu kapena khansala angomaliza ntchitoyo mwakachetechete.

Mphunzitsi Wopuma (Mabvuku):
Ndiye mwayankha mayi. Khansala sangamalize ntchito yomwe sinalembedwe paliponse, ndipo amfumu akaimva adzaitana munthuyo pabwalo, zomwe mukuzithawazo. Ali mu komiti ina iliyonse munthuyu kapena munangowatumizira poti ndi akuluakulu? Ngati sali mu komiti tumani wachibale wina wamkulu akakhale nawo pansi awerengetse zomwe zinagulidwa ndi zotsala, zotsalazo zipite ku komiti ya mjigo pamaso pa anyakwawa, zilembedwe m'buku anthu atatu asayine.

Madala a pa Highfield:
Mwaona? Amalume adya, a MP adya, tonse tingoti mwakachetechete. Ndi chifukwa chake nyanja yonse ija anthu akumwa madzi a pa doko. Ndipo za madzi kukwera zija Mjomba usanamize anthu, sanatsegule yonse baraji yowongolera madzi a mu Shire ku Liwonde.

Che Mjomba wa ku Mangochi:
Akanatsegula yonse anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje akanamira madala, mvula inachuluka basi. Ndipo palibe wanena kuti ndi amalume, mwazitenga kuti?

Madala a pa Highfield:
Wolipirira mwana wa mlongo wake sukulu kwanu mumamutcha ndani?

Admin:
Madala chepetsani zilembo zikuluzikulu, tachenjeza kale. Za baraji tsegulani positi yanu.

Zakatundu Harare–Lilongwe:
Amene muli ndi katundu wopita Dedza, Lilongwe ndi Salima tikunyamuka Lachisanu pa Roadport kudzera Nyamapanda, simenti sitinyamula koma makalata ndi timaphukusi inbox.