Thandizeni, Rhodesian Ridgeback angakhale pakhomo pa ana?

Moni nonse, ndikufuna maganizo kwa amene mwawetapo Rhodesian Ridgeback, agalu aja a mzere wa ubweya wopita chakumutu pamsana. Alamu anga aku Bulawayo ku Zimbabwe akufuna kundipatsa kamwana ka galuyu kamodzi, akuti malamulo a maonekedwe a agalu a mtunduwu analembedwa konko mu 1922 ndipo kale alenje ankapita nawo kosaka mikango, ndiye ine mtima uli phaa chifukwa pakhomo pano pali ana ang'onoang'ono komanso nkhuku zongoyenda pabwalo, galu wosaka chonchi sangazimalize zonse? Ndamva kuti sauwa wamba koma makani ndiye eeh, ndipo ukamamumenya amangoipiraipira.

Chinanso ndi zaumoyo, kabowo kobadwa nako kapamsana kaja amati dermoid sinus ndingakazindikire ndekha kapena mpaka kwa avetenale? Nanga chakudya, galu wofika makilogalamu 40 nsima ndi usipa zingamukwane? Ena akuti ndizimupatsa kawiri patsiku pang'onopang'ono kuopa kufufuma mimba, ndi zoona? Katemera wa chiwewe ndi parvo (matenda a agalu osanza ndi kutsegula m'mimba) ayambe liti, nanga pa boda amafuna mapepala anji?