Mlamu watisiyira kagalu ka Labrador, bambo akuti tikamange pa unyolo

Membala wobisa dzina:

Moni nonse. Ndabisa dzina chifukwa bambo a kunyumba ali pagulu pomwe pano. Mlamu wanga wasamukira ku Johannesburg, ndiye watisiyira kagalu ka mtundu wa Labrador, kakamuna, ka miyezi inayi. Tili ku Lilongwe, nyumba ya lendi ya mpanda, ana awiri, wa zaka 8 ndi wa zaka 3.

Bambo anavomera poganiza kuti tapeza mlonda. Koma abale, galu uyu aliyense ndi m'bale wake. Lachiwiri kunabwera wowerenga mita ya madzi, m'malo mouwa iye anathamanga kukatenga silipasi yanga n'kukamupatsa, mchira uli pukupuku. Watafuna kale nsapato ya sukulu, chaja ndi mwendo wa mpando. Beseni lochapira likangodzadza, mumupeza ali momwemo. Kudya ndiye musanene, akamaliza zake amakhala pakhomo la khitchini kundiyang'ana ngati sanadye chiyambire Lamulungu. Wamng'onoyu wamugwetsa kawiri pomudumphira, osati mwaukali, koma mwana analira.

Bambo akuti timumange pa unyolo masana kuti aphunzire ukali, zikakanika timupereke kwa ena. Ana akangomva zimenezo ndi maliro. Ndiye ndithandizeni: akadzakula adzayamba kulonda? Ndingamukhulupirire pa ana? Nanga nsima ndi usipa zikwanira?

Bambo wa ku Zomba:

Mayi, ndasunga agalu amenewa awiri, wachiwiri ndidakali naye. Auzeni abambowo mosabisa kuti mlonda sanamupeze. Adzauwa ndithu akamva geti usiku, ndipo mawu ake ndi aakulu, koma wakuba akalowa amulandira ngati mlendo wochokera kumudzi.

Si ulesi ayi, ndi mmene anamuwetera. Makolo ake anali agalu a asodzi ku Newfoundland, ku Canada, othandiza kukoka zingwe ndi maukonde m'madzi ozizira. M'zaka za m'ma 1800 anthu a ku Britain anawatenga n'kuwaweta kuti azitola abakha ndi mbalame zina zomwe alenje awombera, n'kubweretsa osaziphwanya ndi mano. Bungwe la ku Britain lolembetsa mitundu ya agalu, la Kennel Club, linavomereza mtunduwu mu 1903. Ndiye silipasi ija, kwa iye inali ntchito. Za beseninso n'chimodzimodzi, tamugwirani phazi muone kachikopa kolumikiza zala, komuthandiza kusambira.

Unyolo ndiye ayi. Galu ameneyu amafuna anthu kuposa nyama. Mukamumanga azingolira, kukumba ndi kutafuna chilichonse chomwe wafikira, ndipo akapanda mwayi asanduka wamantha. Galu woluma chifukwa cha mantha, woyamba kulumidwa amakhala mwana wa pakhomo pomwepo.

Mnyamata wa ku Ndirande:

Kkkkk agalu a mabwana awa. Pezani wachikuda madam, amadya madeya koma usiku sagona.

Mayi wa ku Mzuzu:

Achimwene, funso ndi la galu amene ali kale pakhomo. Asisi, za ana ndiyankhe ine. Mtima wake ndi wabwino, n'chifukwa chake kunja amawaphunzitsa kutsogolera anthu osaona. Choopsa ndi thupi. Wamwamuna akakula amafika makilogalamu 29 mpaka 36, koma nzeru zachibwana amakhala nazo mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Zodumphira anthu muzithetse panopa akadali wonyamulika. Akadumpha, aliyense atembenuke osamuyankhula, akakhazika matako pansi ndiye mumutamande ndi kachakudya. Nyumba yonse muchite chimodzimodzi, kuphatikizapo antchito. Kwathu amene ankasokoneza anali amuna anga, omwe ankamulola kudumpha akaweruka kuntchito.

Wa zaka 3 musamusiye yekha ndi galu, kaya ndi wofatsa bwanji, ndipo asamamuyandikire akudya kapena akugona. Kutafunako akusintha mano, zimachepa akafika miyezi 6 kapena 7. Mpatseni chingwe chokhuthala chomanga mfundo, nsapato muziika pamwamba. Ubweya wokha sindikunamizani, umathothoka chaka chonse. Muzimupesa kawiri pa sabata ndipo mugule tsache labwino.

Wothandizira dokotala wa ziweto:

Mayi, musanaganize za mlonda, khadi la katemera mlamu anakusiyirani? Mwanagalu amayamba katemera wa matenda a agalu otchedwa parvo ndi distemper ali ndi masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakadutsa masabata atatu kapena anayi mpaka afike masabata 16. Wa chiwewe amabaya pa miyezi itatu. Ngati sanamalize, asatuluke kunja kwa mpanda. Parvo ndi yomwe imatha ana agalu: kusanza, kutsegula m'mimba kwa magazi, masiku ochepa galu wapita. Poti muli ku Lilongwe, pitani ku LSPCA, bungwe losamalira zinyama, kapena ku ofesi ya boma ya zaziweto, akupatsaninso mankhwala a njoka za m'mimba.

Mvula ikayamba samalani nkhupakupa, zimabweretsa matenda othetsa magazi. Galu wadyera chonchi akakana chakudya, mukwezeni mlomo. Nkhama zikayera, kapena mkodzo ukada ngati tiyi, musadikire mawa. Akasewera m'madzi mupukuteni m'makutu, poti ndi ogwa ndipo amasunga chinyezi.

Za chakudya, nsima yokha siyimanga mafupa a galu wokula msanga ngati uyu. Thumba likalola, gulani chakudya cha m'matumba cha ana agalu a mitundu ikuluikulu. Likakana, nsima ya mgaiwa ndi usipa wopanda mchere, dzira lowiritsa, dzungu, kachiwindi mwa apo ndi apo, katatu pa tsiku mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Ndiwo zotsala zokazingira anyezi ayi, mafupa a nkhuku ophika ayi, chokoleti ndi mphesa ayi.

Maso aja a pakhomo la khitchini musawamvere chisoni. Ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge anapeza mu 2016 kuti pafupifupi Labrador mmodzi mwa anayi aliwonse ali ndi chibadwa chomwe chimamuchititsa kumva njala ngakhale wadya. Akanenepa, chiuno ndi zigongono zimavutika, ndipo mtunduwu umavutika nazo kale. Muzimupapasa m'mbali, nthiti zizimveka pansi pa zala zanu.

Bambo wa ku Zomba:

Ndiwonjezere chimodzi. Akakula amafuna pafupifupi ola lathunthu tsiku lililonse loyenda kapena kutola mpira, ndipo amakhala zaka 10 mpaka 12. Kutentha kwa Okutobala muziyenda naye mmamawa kapena dzuwa litapendeka. Ngati pakhomo palibe amene angapeze nthawi imeneyo, kumupereka kwa banja lina akadali wamng'ono si tchimo.

Membala wobisa dzina:

Zikomo nonse. Khadi ndalipeza mu jumbo yomwe mlamu anasiya, pali katemera mmodzi yekha, wa chiwewe palibe. Ndipo dzulo lomweli mwana wamkulu anayenda naye mpaka kumsika! Loweruka mmamawa ndikupita naye kwa dokotala. Bambo awerenga zonsezi ndipo andizindikira pa nkhani ya silipasi. Za unyolo asiya, koma akufunsa ngati tingawonjezere wachikuda kuti azilonda. Alipo amene anasungapo awiriwa pakhomo limodzi? Amagwirizana, kapena ndikudziputira nkhondo?