Khoma la njerwa zakale ngati la ku Ningbo likupendama, tilimange bwanji?

Wojambula mapulani, Zomba:
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto la kusaiti, ndithandizeni nzeru. Tikumanga nyumba yosanja kamodzi, pansi laibulale, pamwamba maofesi. Eni ake anagwetsa mabani akale a fodya, ndiye njerwa zilipo mulu, zina zofiira, zina zakuda bii ndi utsi, kuphatikizapo matailosi a denga osweka. Mwana wawo anawaonetsa chithunzi cha Ningbo History Museum, nyumba yosungiramo mbiri yakale ya mumzinda wa Ningbo ku China, mtima wawo n'kugwera pomwepo. Akufuna khoma la kumaso, lotalika mamita 8, lioneke chimodzimodzi.

Ndinavomera ndi manja awiri chifukwa nyumba imeneyo ndimaikonda kuyambira ndili kusukulu. Koma tangofika mamita 3 ndi theka, khoma layamba kupendamira kunja. Dzulo ndinatsitsa chingwe kuchokera pamwamba, lachoka ndi masentimita 4. Pakona pali mng'alu woti chikhadabo chikulowa. Tamanga naini inchi, matope 1:4 (simenti 1, mchenga 4), buliki fosi, waya uja wolimbitsa mizere, tikuika pamene pakutheka, popeza mizere siikukumana, njerwazo n'zosiyana misinkhu. Ntchito ndaimitsa. Kodi anzathu a ku China anatani kuti lawo liime?

Mayi injiniya, Lilongwe:
Mwachita bwino kuimitsa, achimwene. Ndiyankheni ziwiri kaye. Kumbuyo kwa khomalo kuli chiyani? Nanga silabu yapamwamba idzatsamira pa ilo?

Wojambula mapulani, Zomba:
Silabu ili pamapilala a konkire, siikhudza khomalo. Kumbuyo kulibe kanthu, laima palokha kutsogolo kwa mapilala. Talimangirira ndi tizitsulo tochepa pamapilalapo basi.

Wophunzira ku Hangzhou:
Vuto lagona pomwepo, akulu. Ine ku Ningbo ndapitako kawiri, kuchokera kuno ku Hangzhou, mzinda wina wa ku China, ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi pasitima yothamanga, ndipo khomalo ndinaligwira ndi manja. Chithunzi chimanamiza. Chimakuonetsani ngati phiri la njerwa zosanjikizana kuchokera pansi mpaka kumwamba, pamene zoona zake njerwazo ndi chovala chabe. Thupi lili mkati, ndipo ndi la konkire.

Ndiyambe ndi kumene luso limeneli linachokera. Amalitcha wapan. Ndi la anthu a kum'mawa kwa chigawo cha Zhejiang, m'mbali mwa nyanja, kumene namondwe amabwera kawirikawiri. Nyumba ikagwa, banja silinkadikira kuumba zatsopano, linkatola njerwa zoduka, mapale a matailosi ndi miyala, n'kudzutsa khoma mwachangu. Makoma akumudziwo ankalekezera cha m'mamita 8. Ojambula mapulani a nyumbayo, Wang Shu ndi mkazi wake Lu Wenyu, amene ali ndi ofesi yotchedwa Amateur Architecture Studio kuno ku Hangzhou, ankafuna khoma lofika mamita 24. Msinkhu umenewo wapan payekha sakanautha. Ndiye anathira khoma la konkire yazitsulo kumbuyo, ndipo pa mamita 3 alionse anatulutsa kabimu kopingasa, kokhala ngati shelefu, kobisika m'njerwa. Njerwa za mamita 3 zimakhala pa shelefu yawo, zapamwamba pa ina, motero palibe njerwa yapansi imene ikusenza khoma lonse. Mukaima pafupi n'kuyang'anitsitsa mumaiona mizere yopingasayo.

Nyumbayo inatsegulidwa mu 2008. Njerwa ndi matailosi zinatoledwa m'midzi imene inagwetsedwa pokonza malo a tawuni yatsopano ku Yinzhou, ndipo zinapitirira miliyoni imodzi. Chimene chinandigwira mtima ine n'chakuti njerwa zina zili ndi zidindo za amene anaziumba. Tsiku limene ndinapitako kachiwiri ndinapeza agogo ena ataima nthawi yaitali akusisita khomalo ndi chikhatho, osalankhula. Magawo ena a kumtunda si njerwa ayi, ndi konkire imene anaithira m'shatala ya nsungwi, moti mizere ndi mfundo za nsungwizo zinatsalira pakhoma. Wang Shu analandira Pritzker, mphotho yaikulu ya ojambula mapulani a nyumba, mu 2012, nzika yoyamba ya China kuilandira.

Inu mwatengera chovala, thupi mwalisiya.

Mayi injiniya, Lilongwe:
Mwafotokoza bwino, mng'ono wanga. Tsopano tiwerengere. Khoma la naini inchi, lotalika mamita 3, limalemera pafupifupi makilogalamu 1,300 pa mita iliyonse m'litali. Lanu la mamita 8 lidzapitirira matani 3 pa mita, lopanda chomangira cheni cheni, njerwa zake zosalumana bwino. Musaiwale kuti ife tili m'chigwa cha zivomezi. Cha ku Salima cha 1989 ndi za ku Karonga za mu December 2009 zinagwetsa makoma ochuluka a njerwa. Khoma lotere likagwa limagwera kunja, pamene ana akulowera mulaibulale. Ine sindingasainire.

Gumulani zimene mwamangazo, musazimvere chisoni. Kenako mangani khoma lamabuloko a simenti pakati pa mapilala, limenelo ndiye khoma lenileni. Mwamwayi nyumba yanu ili kale ndi mabimu awiri, ya silabu ndi ring'i bimu yapamwamba. Ya silabu tiitulutsire kamlomo kunja, ndipo pakati pa silabu ndi denga tiwonjezere kena, kuti pasakhale gawo lopitirira mamita 3. Njerwa zakalezo zikhale zokutira, masentimita 12 mpaka 15 m'lifupi, osati naini inchi. Siyani mpata wa masentimita 5 pakati pa makoma awiriwa. Zomangira zikhale zagalavanaizi, osati waya wamba amene adzadyeka ndi dzimbiri m'zaka zochepa. Mwachizolowezi timaika pa masentimita 90 m'litali ndi 45 m'mwamba, koma kwa njerwa zosiyanasiyana chonchi ine ndingathinitse kufika 60 ndi 40. Nditumizireni mapulani a mabimu ndione ngati angasenze.

Folomani wakale, Blantyre:
Ana anga, za zitsulo ndasiyira mayi injiniya, ndi ntchito yawo. Ine ndilankhulepo za njerwa ndi matope, poti ndagwira mpeni womangira kwa zaka zoposa 30.

Matope a 1:4 mwalakwitsa. Njerwa za m'mabani zinawotchedwa kalekale pauvuni wa nkhuni, kenako zaphikidwanso ndi moto wa fodya kwa zaka zambiri. N'zofewa. Mukazimanga ndi matope olimba kuposa izo, khoma likangosuntha pang'ono chimene chimasweka ndi njerwa, osati matope. Thirani laimu: simenti 1, laimu 1, mchenga 6. Matope amenewo amamvera mpeni ndipo salimbana ndi njerwa.

Chachiwiri, kodi munazisankha? Ndikukayika. Ikani anyamata anayi pamulupo sabata yathunthu. Aliyense atenge njerwa ziwiri aziombanitse. Yolira kuti ngwee ndi yabwino, yolira kuti phu iponyedwe kumbali. Apale matope akale, azitsuke, makamaka zamwaye, chifukwa pamwaye matope sagwira. Kenako aziunjike potengera makulidwe ake, osati mtundu. Mmisiri akakhala ndi milu itatu kapena inayi pafupi, dzanja limadziwa lokha kotenga. Ndipo muzinyowetse musanamange, njerwa yakale imamwa madzi a m'matope msangamsanga, mawa lake mupeza matope akufumbutuka ngati ufa.

Wojambula mapulani, Zomba:
Madala, mwandigwira. Sitinasankhe, timangotenga pamulu. Koma funso langa ndi ili: ngati mizere siikukumana, zomangira za mayi injiniya zilowa pati? Mabuloko kumbuyo ali ndi mizere yake yowongoka, njerwa kutsogolo zikuyenda mwina.

Folomani wakale, Blantyre:
Mpamene matailosi oswekawo akugwirira ntchito. Mapale amenewo si okongoletsa chabe. Buloko ndi matope ake ndi masentimita 20, mabuloko awiri 40. Kokani chingwe pa 40 aliyense. Pakati pa zingwe ziwirizo mmisiri asewere mmene angafunire, koma akamayandikira chingwe adzaze ndi mapale, mzere umodzi, iwiri, itatu, mpaka levulo igone. Pamenepo ikani chomangira ndi buliki fosi, n'kuyambanso. Chinthu chopyapyala ndicho chimakonza msinkhu. Ndikhulupirira a ku Chinawo anayambanso choncho, chifukwa mmisiri ndi mmisiri kulikonse.

Wophunzira ku Hangzhou:
Madala, n'zimene zimaoneka pakhoma la ku Ningbo. Pamakhala njerwa zotuwa mizere ingapo, kenako timizere ta matailosi opyapyala tothinana, ena opindika atagonekedwa ngati mamba a nsomba, kenako njerwa zikuluzikulu. Chimodzimodzinso pa kampasi ya Xiangshan ya China Academy of Art kuno, pamene Wang Shu yemweyo anagwiritsa ntchito matailosi ndi njerwa zakale mamiliyoni angapo.

Wojambula mapulani, Zomba:
Ndiye ndijambule khoma lonse mwatsatanetsatane, ndisonyeze pamene pakhale zakuda ndi pamene pakhale zofiira? Eni ake akufuna kuona chimene akulipira. Ndikuopa kuwasiyira amisiri, angadzandipangire mizeremizere yooneka ngati chitenje.

Folomani wakale, Blantyre:
Apo ndiye tisiyana, mwana wanga. Mukajambula njerwa iliyonse, mmisiri adzataya theka la tsiku akusakasaka njerwa yofanana ndi ya papepala, ndipo adzakwiya nanu. Khomalo lidzaoneka louma. Muuzeni zofunika zokha, monga zakuda zichuluke kumunsi, zofiira zizionekera mukamakwera. Zotsalazo musiyireni.

Wophunzira ku Hangzhou:
Nonse muli ndi mbali yanu. Wang Shu anajambula ndithu zithunzi zamitundu zosonyeza mmene khoma liyendere, koma chimene chinatuluka sichinafanane ndendende ndi pepala, chifukwa amisiri ankasankha okha ali pasikafodi, ndipo iye anazilandira. Chimene sanadumphe ndi kuyesa. Asanayambe nyumba yaikuluyo anamanga makoma oyesera, popeza amisiri ambiri anali ataiwala wapan. Pa Five Scattered Houses, tinyumba timene anamanga ku Ningbo komweko zaka zochepa m'mbuyo mwake, anali atayeserapo kale luso lomweli. Inunso mangani sampulo ya mamita 2 kwa 2, eni ake aione ndi maso, asainire imeneyo osati chithunzi cha pafoni.

Wowerengera mitengo, Mzuzu:
Ndilowepo pa ndalama, chifukwa eni nyumba ambiri amaganiza kuti njerwa zakale ndi zaulere. Kugula simukugula, inde, koma kupala, kutsuka, kusankha, khoma lachiwiri lamabuloko, mabimu owonjezera, zomangira zagalavanaizi, komanso mmisiri amene akumanga pang'onopang'ono, zonsezi ndi ndalama. Auzeni lero lomwe, molemba, kuti khomali lidzadula kuposa mabuloko ndi pulasitala. Amisiri muwalipire pa tsiku kapena pa sikweya mita, osati pa njerwa, apo ayi adzazemba mapale.

Chinanso, malamulo a 2018 a NCIC, bungwe loyang'anira zomangamanga nthawi imeneyo, analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Zanuzi n'zakale, simukudula mtengo ngakhale umodzi, koma woyendera akafika adzangoona njerwa zofiira. Alembereni kalata musanapitirize, muikemo zithunzi za mabani asanagwetsedwe ndi za mulu, yankho lawo mulisunge mufayilo.

Mayi injiniya, Lilongwe:
Mapulani ndawaona. Bimu ya silabu ikwanitsa tikawonjezera zitsulo, ndikutumizirani chojambula mawa. Ziwiri zina musaziiwale. Pamwamba pa shelefu iliyonse ikani DPC, pepala lotchinga chinyezi, yopindikira kunja, ndipo mzere woyamba musiye timabowo pa mita iliyonse kuti madzi olowa azituluka. Mvula ya ku Zomba mukuidziwa. Pansi pa shelefu musathinitse njerwa ndi konkire, siyani kampata ka sentimita imodzi kodzaza ndi chofewa, kuti bimu ikatsika pang'ono isaphwanye njerwa. Tenganinso njerwa 10 pamulu uliwonse, muziumitse, muziyeze pasikelo, muziviike m'madzi maola 24, muziyezenso. Mulu umene ukumwa madzi opitirira 20 peresenti ya kulemera kwake usapite kunja.

Wojambula mapulani, Zomba:
Nanga zokanidwazo? Zikuoneka kuti zidzakhala zambiri.

Wophunzira ku Hangzhou:
Musazitaye. Chivomezi cha ku Wenchuan, kuno ku China, chitachitika pa 12 May 2008, wojambula mapulani Liu Jiakun wa ku Chengdu anatenga zigumuka za nyumba, n'kuziphwanya, n'kusakaniza ndi simenti ndi mapesi a tirigu odulidwa, n'kuumba njerwa zatsopano zomangira nyumba za anthu amene anataya zonse. Pambuyo pake anazigwiritsanso ntchito pa nyumba zake zikuluzikulu, kuphatikizapo West Village ya ku Chengdu ya 2015, ndipo naye analandira Pritzker mu 2025. Inu simukusowa kufika pamenepo. Ziphwanyeni, ziumbidwe timabuloko toyala panjira yolowera, kapena zipite pansi pa fulo ngati hadikoo. Pakhoma losenza katundu ayi, pokhapokha zitayesedwa ku labu.

Wojambula mapulani, Zomba, patapita masabata atatu:
Ndabwera kudzapereka lipoti. Tinagumula. Eni ake anadandaula tsiku loyamba, koma nditawaimika pansi pa khomalo n'kuwaonetsa chingwe, anangoti gwetsani. Posankha, pafupifupi njerwa imodzi pa zitatu zilizonse yalira kuti phu, ndipo mulu wa bani imodzi wonse walephera mayeso a madzi. Zotsalazo zikwanira khoma la kumaso lokha, la m'mbali tipaka pulasitala. Kalata ku bungwe loyang'anira zomangamanga yapita.

Sampulo tamanga ziwiri. Yoyamba ndinaimirira pambali ndikuloza, yachiwiri ndinawauza amisiri mawu a madala aja, zakuda kumunsi, chingwe pa 40, n'kuchokapo. Nditabwerera madzulo ndinapeza mmisiri wina wachikulire wapeza njerwa yokhala ndi mapazi a mbuzi, imene inapondedwa isanaume zaka zambirizo, waiika pa msinkhu wa maso a mwana. Eni ake asankha yachiwiri. Mabuloko akumbuyo afika pa silabu, shatala ya shelefu yoyamba tikhoma Lolemba. Mayi injiniya, ngati mungathe bwerani Lachitatu mudzaone zitsulo tisanathire konkire.

Mayi injiniya, Lilongwe:
Ndifika cha m'ma 10 koloko m'mawa. Zomangira zikhale zili pasaiti, ndikufuna ndizione ndisanavomere.